Kugula chithunzi si kugula chilolezo chochisindikiza

Kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi, kudutsa ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chembe, katundu amene sasowa pamchenga ndi pa mageti a malo ogona alendo ndi zithunzi zopenta pansalu. Pena ndi nkhwazi itakwatula chambo, pena mlambe dzuwa likulowa, asodzi a usipa ndi nyali zawo, mbuna zamawangamawanga kapena sitima ya Ilala. Malonda ake sanasinthe kuyambira kale. Wojambula amatha masiku angapo pa chithunzi chimodzi, mlendo amanenerera mtengo, akamvana nsalu ija imakulungidwa n'kulowa m'chikwama. Mawa lake mmisiri uja amayambanso china.

Koma m'mashopu ogulitsa mphatso, a m'mahotela a kunyanja ngakhalenso a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, katundu amene amayenda msanga ndi wamng'onowamng'ono: makapu, malaya, zikwama zansalu, makadi, makalendala, zokolekera makiyi ndi timaginito tomata pafiriji. Mlendo amene sangagule chinsalu chachikulu chopachika pakhoma sadandaula kugula makadi khumi ogawira abale. Pa katundu yenseyu pamakhala chithunzi, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi amene anachijambula. Nkhani yagona pakuti kaya munthuyo amalandirapo kanthu pa kapu iliyonse yogulitsidwa, kapena anangolandira kamodzi tsiku limene anagulitsa nsalu ija.

Mfundo imene aluso ambiri komanso amalonda ambiri saidziwa ndi yakuti pa chithunzi chimodzi pali katundu wamitundu iwiri. Woyamba ndi nsalu yeniyeniyo ndi penti wake. Wachiwiri ndi ufulu wochikopera, kuchisindikiza pa zinthu zina ndi kugulitsa zinthuzo. Amene wagula nsalu watenga katundu woyamba yekha. Akhoza kuchipachika m'nyumba, kupatsa mnzake kapena kuchigulitsanso, koma kukachisindikiza pa malaya 500 ndi nkhani ina, yofuna chilolezo cha mwini luso.

Lamulo loteteza umwini wa zaluso limene dziko lino likugwiritsa ntchito ndi la mu 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la mu 1989. Chithunzi chimatetezedwa chikangojambulidwa, popanda kudikira kuti mwini wake akalembetse kwinakwake, ndipo chitetezocho chimapitirira ngakhale iye atamwalira, kwa zaka makumi angapo, kotero kuti ana ake amadyanso nawo. Bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amangoti Cosoma, linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Anthu amalidziwa kwambiri pa nkhani za oimba, koma lamulo limene limayendetsa limakhudzanso alembi, ojambula ndi osema. Kulembetsa ntchito kumeneko si kumene kumapatsa munthu umwini, koma kumathandiza kukhala ndi umboni tsiku la mkangano. Dziko lino linalowanso m'pangano la mayiko la Berne mu 1991, zomwe zikutanthauza kuti chithunzi chojambulidwa ku Chembe n'chotetezedwanso ku Germany kapena ku South Africa, ngakhale kuti kukatsata mlandu kumeneko n'kofuna thumba lolemera.

Kwa munthu wa kunyanja, kubwereketsa luso si nzeru yachilendo. Mwini bwato ndi chilimira sagulitsa zida zake nthawi iliyonse imene akufuna ndalama. Amazipereka kwa anyamata kuti alowe nazo panyanja, akabwerako amatengapo gawo lake, ndipo m'mawa mwake zida zija zikadali zake. Chilolezo chosindikizira chithunzi, chimene pa malonda amati laisensi, chimayenda chimodzimodzi. Wojambula amalola munthu wakutiwakuti kugwiritsa ntchito chithunzi chakutichakuti pa katundu wakutiwakuti kwa nthawi yoikika, n'kumalandira malipiro, umwini ukadali m'manja mwake. Kusiyana kwake n'kwakuti bwato limapita ndi gulu limodzi pa usiku umodzi, pomwe chithunzi chimodzi chikhoza kukhala pa makapu a wina, pa makadi a wina ndi pa chitenje cha winanso nthawi imodzimodziyo.

Tiyerekeze ndi manambala, ongopeka pofuna kuonetsa kawerengedwe kake. Mmisiri wagulitsa chithunzi cha nkhwazi pa K40,000. Wosindikiza wina wachikonda ndipo akufuna kuchiika pa makapu 200, amene azipikulitsa kwa eni mashopu pa K8,000 imodzi. Ndalama zonse ndi K1,600,000. Akamvana kuti wojambula azilandira K8 pa K100 iliyonse, gawo lake ndi K640 pa kapu, kapena kuti K128,000 pa makapu onsewo. Imeneyo ndi ndalama yoposa katatu mtengo wa nsalu ija, pa ntchito imene anaigwira kale, osagulanso penti kapena bulashi. Wosindikizayo naye saluza, chifukwa K640 amaiphatikiza pa mtengo monga amachitira ndi inki ndi mayendedwe.

M'misika ya kunja, gawo la wojambula pa katundu wamtunduwu kawirikawiri silipitirira K10 pa K100 iliyonse, ndipo limawerengedwa pa mtengo wopikulitsira, osati umene kasitomala amalipira m'shopu. Apa m'pamene ambiri amakanganirana pambuyo pake. Ngati kapu ija ikugulitsidwa K12,000 m'shopu ya hotela, wojambula amene sanafunse bwino amayembekeza K960, n'kudabwa atapatsidwa K640. Mawu akuti mtengo uti ayenera kumveka tsiku loyamba.

Dziko lapansi lili ndi zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Mu 1963, wojambula wa ku America, Harvey Ball, anajambula kankhope kachikasu komwetulira kamene lero kali paliponse, ndipo analandira madola 45 basi. Sanakalembetse, ndipo anthu ena ndiwo anapanga nako chuma pa mabaji ndi malaya. Ku South Africa zinayenda mosiyana kwa mayi Esther Mahlangu, amene anaphunzira kupenta makoma a nyumba mwa chikhalidwe cha Chindebele ali mtsikana. Mu 1991 kampani ya BMW inawaitana kukongoletsa galimoto yake, ndipo mu 2016 zojambula zawo zinaikidwa pa mabotolo a Belvedere, dzina lawo likutchulidwa poyera. M'chaka chomwecho cha 2016, zojambula za aluso a Ardmore, malo oumba ndi kupenta mbiya ku KwaZulu-Natal, zinatuluka pa mipango ya silika ya kampani ya Hermès ya ku France. Nyalugwe ndi njovu zimene zili pa mipangoyo sizikusiyana kwenikweni ndi nyama zimene anyamata a ku Cape Maclear amajambula tsiku ndi tsiku. Chosiyana ndi kalembedwe ka mgwirizano ndi msika umene anaupeza.

Phunziro lapafupi kwambiri ndi la ku Tanzania. Edward Saidi Tingatinga anayamba kupenta nyama ndi mbalame ku Dar es Salaam cha m'ma 1968, pogwiritsa ntchito penti wa njinga, n'kumagulitsa kwa alendo. Anamwalira mu 1972, koma ophunzira ake anapitiriza ndipo pambuyo pake anapanga kopaletivi yotchedwa Tingatinga Arts Cooperative Society. Kajambulidwe kawo kanafika pa mbale, pa malaya, ngakhalenso pa kanema wa ana wa Tinga Tinga Tales amene anayamba kuonetsedwa pa BBC mu 2010. Kuchoka pamenepo pali mfundo ziwiri. Yoyamba n'njakuti kampani yaikulu imafuna kukambirana ndi gulu lodziwika, lokhala ndi adiresi ndi akaunti ya kubanki, osati munthu mmodzi wopezeka pansi pa mtengo. Yachiwiri n'njowawa pang'ono: lamulo limateteza chithunzi chenicheni chimene munthu wajambula, osati kalembedwe kapena mutu wake. Palibe amene anganene kuti nkhwazi yogwira nsomba ndi yake yekha.

Mfundo yachiwiriyi ikukhudza kwambiri msika wa m'mbali mwa nyanja, kumene chithunzi chikayamba kuyenda malonda, sabata yotsatira chimapezeka kwa anthu asanu. Kutengerana kotereku sikuvuta kwambiri pogulitsa nsalu imodziimodzi, koma pa laisensi kumapha malonda. Wosindikiza sangalipire chithunzi chimene wina aliyense pagombe akhoza kumujambulira pa mtengo wa nsomba ya ndiwo. Amene angapindule ndi yekhayo amene dzanja lake limadziwika ngakhale asanasaine.

Ndipo Mangochi ali ndi zambiri zojambula kuposa mlambe ndi dzuwa lolowa. Pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho, mfuti ya sitima ya Gwendolen, mbiri ya sitima ya Vipya imene inamira mu 1946, zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, zovala za ovina beni, matchinga oyanikira usipa, njinga za kabaza. Paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa Unesco mu 1984, imadziwika padziko lonse chifukwa cha mbuna, ndipo ku Ulaya ndi ku America kuli anthu ochuluka oweta nsombazi m'magalasi m'nyumba zawo. Anthu amenewa amadziwa mtundu uliwonse ndi dzina lake. Wojambula amene angajambule mbuna molondola, mtundu ndi mizere yake yeniyeni, ali ndi makasitomala amene sanafikepo n'komwe ku Monkey Bay. Palinso msika wina umene sutchulidwa kawirikawiri: ana a boma lino ambirimbiri amene ali ku Joni, amene kapu kapena chipewa chokhala ndi chithunzi cha kwawo chingawagwire mtima.

Mgwirizano wa laisensi sufunika kukhala wautali kapena wa Chingerezi chovuta. Tsamba limodzi la Chichewa kapena Chiyao, losainidwa ndi mbali zonse ziwiri ndi mboni, limaposa kutali mawu apakamwa. Chofunika n'chakuti litchule chithunzi chake, makamaka kumatapo kakope kake, litchulenso katundu amene chikaikidwepo. Kulemba kuti "makapu" n'kosiyana ndi kulemba kuti "katundu wa mphatso", chifukwa mawu achiwiriwa amameza malaya, zikwama, makadi ndi zonse zimene wojambula akanatha kugulitsa kwa ena. Litchulenso chiwerengero, nthawi, monga chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi dera limene katunduyo akagulitsidwe.

Pali mawu amodzi ofunika kuwayang'anitsitsa: ngati wogulayo akufuna kuti chithunzicho chikhale cha iye yekha. Mwini loji amene akufuna chithunzi cha malaya a malo ake ali ndi chifukwa chomveka chosafunira kuchiona pa malaya a loji yoyandikana nayo. Koma kutsekera ena kuli ndi mtengo wake, ndipo kuyenera kukhala ndi malire: yekha pa malaya, kwa chaka chimodzi, m'boma la Mangochi. Pepala lonena kuti wojambula wapereka ufulu wonse mpaka kalekale si laisensi ayi, kumeneko ndi kugulitsa bwato lenilenilo. Nthawi zina kutero n'koyenera, monga pa chizindikiro cha kampani chimene mwini kampani ayeneradi kukhala nacho, koma mtengo wake uzionetsa kuti munthu watsanzikana ndi chithunzicho. Chimodzimodzinso ntchito ya oda. Munthu akauzidwa kuti ajambule chakutichakuti n'kulipidwa, kapena akajambula ali pa ntchito yolembedwa, nkhani ya umwini imasintha ndipo ndi pamene mikangano imachuluka, choncho imafunika kulembedwa bulashi isanalowe m'penti.

Funso lovuta ndi la kalipiridwe: kulandira ndalama imodzi pachiyambi, kapena gawo pa katundu aliyense wogulitsidwa? Ubwino wa gawo unaoneka mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Amene anavomera ndalama yoikika ya zaka zitatu kusanachitike zimenezi anaona ndalama yake ikusungunuka, pomwe wa gawo anakwera limodzi ndi mitengo. Komabe gawo limadalira chinthu chimodzi chimene chimasowa m'mashopu ang'onoang'ono ambiri, ndicho kaundula wa malonda wodalirika. Wojambula wa ku Chembe alibe njira yodziwira kuti shopu ya ku Lilongwe yagulitsa makapu 60 kapena 160. Amangomva kuti malonda sakuyenda.

Pa msika ngati wathuwu, njira yooneka yanzeru ndi yapakati: kulipira pa chiwerengero chosindikizidwa, osati chogulitsidwa. Makapu 200 akatuluka kwa wosindikiza, gawo la makapu 200 limaperekedwa, theka poyamba ndi theka polandira katundu, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni wa tsiku ndi ndalama. Akafuna kusindikiza ena, amabweranso n'kukambirana pa mitengo ya nthawi imeneyo. Wamalonda akhoza kupempha kuti gawolo litsikeko popeza akulipira katundu asanagulitsidwe, ndipo pempho limenelo n'lomveka. Kampani yolembetsedwa ikhozanso kudula msonkho wa MRA pa malipirowo, kotero ndi bwino kufunsiratu ngati ndalama yotchulidwayo ndi yodula kale kapena ayi, n'kutenga chikalata chosonyeza kuti msonkho unadulidwa.

Zonsezi sizingatheke ngati chithunzicho chinapita ndi mlendo osasiya kope. Chizolowezi choyamba chimene mmisiri ayenera kukhala nacho ndi kujambula ntchito iliyonse ndi kamera kapena foni yabwino isanagulitsidwe: pamthunzi wowala, nsalu itatambasulidwa bwino, osati padzuwa lamasana limene limanyezimiritsa penti. Zing'onozing'ono ndi bwino kuzipititsa pa sikana. Osindikiza amafuna fayilo ya madontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa mpaka kusakhalanso choyenera kusindikiza. Kufinyidwa kumeneku kuli ndi ubwino wake. Poonetsa kasitomala, kakope kakang'ono kolembedwa dzina pakati n'kokwanira, ndipo fayilo yaikulu izituluka pokhapokha pepala litasainidwa ndi theka la ndalama litalowa.

Si chithunzi chilichonse chokongola pakhoma chimene chimakhala bwino pa katundu. Dzuwa lolowa la mitundu makumi awiri limatuluka bwino pa khadi kapena pa kapu yosindikiza ndi kutentha, koma pa malaya osindikiza ndi sefa mtundu uliwonse umafuna sefa yakeyake, ndipo mtengo umakwera ndi mtundu uliwonse wowonjezera. Chambo cha mitundu iwiri, chojambulidwa ndi mizere yolimba, chimagulika kwa wosindikiza kuposa chithunzi chodzaza. Chokolekera makiyi n'chaching'ono ngati bokosi la machesi, ndipo zambiri zimene zili pansalu zimasanduka madontho. Ogula amakondanso zithunzi zoyendera limodzi, monga nsomba zisanu ndi imodzi za m'nyanja zojambulidwa mofanana, chifukwa zimapanga seti ya makapu kapena paketi ya makadi. Za dzina nazo zisaiwalike. Lamulo limapatsa wojambula ufulu wotchulidwa pa ntchito yake, ndipo dzina lolembedwa kunsi kwa kapu kapena kuseli kwa khadi ndi limene limabweretsa oda yotsatira.

Pali zinthu zimene munthu sangabwereketse chifukwa si zake. Chizindikiro cha Bullets kapena Wanderers, zidole za m'makanema, ngakhale chithunzi chimene wina anajambula ndi kamera n'kuika pa Facebook, zonsezi zili ndi eni ake, ndipo kuzipentanso ndi dzanja sikuzisandutsa zatsopano. Mbendera ndi chidindo cha dziko zili ndi lamulo lakelake loletsa kuzigwiritsa ntchito pa malonda popanda chilolezo. Zachikhalidwe, monga zilembo ndi magule a makolo, lamulo limaziika m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, choncho wofuna kusindikiza zambiri zamtunduwu achita bwino kufunsa kaye ku Cosoma. Wamalonda wosamala amafuna kuti pepala lija linenenso kuti chithunzicho ndi ntchito ya wojambulayo payekha, popeza katundu akagwidwa woluza woyamba ndi amene anaika mpamba.

Nanga amene wapeza kale chithunzi chake pa katundu wa wina? Kupsa mtima pakhomo pa shopu sikubweretsa kanthu. Choyamba ndi kugula chimodzi mwa zinthuzo n'kusunga lisiti, kenako kusonkhanitsa umboni wosonyeza kuti iye ndiye anayamba: zojambula zoyeserera, zithunzi za m'foni zokhala ndi tsiku, mboni. Nthawi zambiri mwini shopu amakhala kuti anagula katunduyo kwa wina, kapena ankaganiza kuti kugula nsalu kunamupatsa ufulu wonse. Munthu wotere savuta kumusandutsa kasitomala, chifukwa waonetsa kale kuti chithunzicho chikuyenda malonda. Akakana, njira ya ku Cosoma ndi ya kukhoti ilipo.

Pa nkhani ya nthawi, alendo ochokera kunja amachuluka m'miyezi yopanda mvula, makamaka kuyambira June mpaka October, pomwe Amalawi amadzaza magombe pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa tchuthi cha Tsiku la Amayi mu October. Katundu wa nyengo zimenezi amaodedwa miyezi iwiri kapena itatu m'mbuyo, ndipo makalendala a chaka chotsatira amakonzedwa chaka chisanafike kumapeto. Miyezi ya dzinja, pamene pagombe pali zii ndipo nsalu sizikugulidwa, ndiyo yoyenera kuyenda ndi buku la zitsanzo kwa mamanijala a mahotela a ku Nkopola ndi Makokola, eni maloji a ku Cape Maclear, osindikiza a ku Balaka, Zomba ndi Blantyre, komanso oumba makapu ndi mbale monga a ku Dedza. M'bukumo mukhale zithunzi khumi kapena khumi ndi ziwiri, chilichonse ndi nambala yake, ndipo pambali pake kope la pepala la mgwirizano losiya mipata ya katundu, chiwerengero, nthawi ndi mtengo.